Kodi ku Zanzibar kwatsala gombe la phee? Yankho kwa achemwali opita mu Ogasiti

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Lilongwe. Mwachidule akuti ukwati wawo uliko kumayambiriro kwa Ogasiti, matikiti a ku Zanzibar anagula kale ndipo akakhalako masiku 6, koma ataona mavidiyo pa TikTok mtima wawagwa chifukwa paliponse akungoona chinamtindi cha anthu, masipika akulira, ogulitsa zinthu akulondola alendo pamchenga. Nde funso lawo ndi lakuti kodi pachilumba chimenechi patsala malo oti anthu awiri n'kukhala phee, kumangomva madzi okha, popanda kulipira hotelo ya mamiliyoni?

Achemwali, choyamba mafuno abwino pa ukwati wanuwo. Chachiwiri mtima m'malo, malo otero alipo ndipo ndi ambiri kuposa mmene mavidiyowo akuonetsera. Kungoti inu mwafunsa kuti ali kuti, pomwe ine zimene ndinaona kumeneko n'zakuti nkhani yaikulu ndi nthawi. Gombe lomwelomwelo 3 koloko masana limakhala ngati msika wa Lizulu, koma 6 koloko m'mawa mumakhala inu, mkazi mmodzi wosenza thumba ndi nkhanu basi.

Tiyambe ndi chifukwa chake anthu amaunjikana. Chilumba chachikulu chimene tonse timangoti Zanzibar dzina lake ndi Unguja, kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 85, ndiye sichaching'ono ngati Likoma ayi. Mu 2023 kunafika alendo ochokera kunja oposa 600,000, ambiri ndithu, koma anthu amenewa samwazikana chilumba chonse. Amathera malo ochepa omwewomwewo, Stone Town yomwe ndi tauni yakale ya pachilumbachi, Nungwi ndi Kendwa kumpoto kwenikweni, Kiwengwa komwe kuli mahotelo akuluakulu okonda kufikira anthu a ku Italy, ndi Paje kum'mawa. Ndipo mavidiyo munaonawo ndikhulupirira ambiri ndi a ku Nungwi ndi Kendwa. Kumeneko anthu amakukonda pa chifukwa chimodzi chomveka bwino, madzi sathawa, mutha kusambira nthawi iliyonse imene mwafuna. Kwina konseko makamaka kum'mawa madzi amachoka n'kubweranso, ndipo kuchoka kwa madziko ndi kumene kumathamangitsa gulu, ndi kumenenso kukupatseni inu mtendere mukuufunawo.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ife a ku Malawi zimenezi sitinazizolowere. Nyanja yathu, kaya ndi ku Senga Bay kaya ku Cape Maclear kaya ku Nkhata Bay, pomwe mwawasiya madzi m'mawa ndi pomwe muwapeze madzulo, akasintha ndiye ndi mwera kapena nyengo ya mvula. Nyanja ya mchere siili choncho, imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi ndi dzuwa. Kuchokera podzaza kufika pophwa pamatenga maola 6 ndi mphindi pang'ono, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50, ndekuti ngati lero adzaza 7 koloko mawa adzaza cha m'ma 8. Anthu akumeneko amati maji kujaa ndi maji kupwa, mukumva eti mmene zikufananira ndi kudzaza ndi kuphwa kwathu, simuvutika kufunsa. Ku gombe la kum'mawa kuli mpanda wa miyala ya m'madzi patali ndithu ndi mtunda, mafunde akuluakulu amasweka kumeneko, pakati pa mpandawo ndi mchenga ndi posaya, nde madzi akaphwa amapita kutali kwambiri, malo ena kupitirira kilomita.

Ine ndinaziona koyamba ku Jambiani, mudzi wa kumwera kwa Paje. Ndinafika usiku, m'bandakucha ndikudzuka madzi anali akumenya pa masitepe a nyumba imene ndinagona, ndinalowamo, otenthera bwino, pagombe ponse tinalipo anthu atatu. Nditadya kadzutsa n'kugonanso pang'ono, kutuluka cha m'ma 11 nyanja kulibe. Mchenga woyera mbee mpaka uko, timadziwe tobiriwira apa ndi apo, ngalawa zitagona cham'mbali ngati ng'ombe zikubzikula, kutali uko kamzere koyera ka thovu ndi kaphokoso kake kapansipansi. Ndiye amayi atavala makanga awo atakhala m'madzi ofika m'chiuno ali chikhalire, akumangirira ndere pa zingwe zomwe azikoka pakati pa timitengo tozika mumchenga, mizere yowongoka ngati ya munda wa mtedza. Ndere zimenezi amazitcha mwani, ulimi wake unayamba cha m'ma 1989 ku Paje ndi Jambiani komweko ndipo ambiri olima ndi amayi, amaziyanika n'kugulitsa, zimakapangidwa zinthu monga sopo, zodzola ndi zolimbitsa zakudya. Ndinayenda mwina mphindi 40 kulowera ku mpanda wa miyala uja, ndinangokumana ndi bambo mmodzi ali ndi kachitsulo kosongoka akusaka pweza m'mabowo a miyala, kachilombo ka miyendo 8 kaja. Tinapatsana moni basi aliyense n'kupitiriza zake. Bata ngati limene lija sindinalipezepo kwina, ndipo silinali la pamalo obisika ayi, kumbuyo kwanga kunali mudzi wathunthu.

Nde chinthu choyamba kuchita musanabuke pogona paliponse, tsegulani foni mufufuze ndandanda ya nthawi ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi ku Zanzibar pa masiku anu 6 aja, imapezeka ulere pa intaneti ndipo mahotelo ambiri amailemba pa bolodi. Muonenso mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri, iwo amati bamvua, kusiyana kwake kumatha kufika mamita 4. Masiku amenewo amadzaza m'bandakucha cha m'ma 4 kapena 5 ndi madzulo nthawi ngati yomweyo, n'kuphwa chakumasana. Pakapita masiku awiri atatu kudzazako kumagwera nthawi yotuluka dzuwa, ndipo kwa ine amenewo ndiye masiku abwino koposa kwa anthu awiri ongokwatirana kumene, chifukwa mumasambira dzuwa likutuluka kutsogolo kwanu alendo ena onse ali mtulo, masana mumayenda pamchenga uja, madzulo madzi abweranso. Mwezi ukakhala theka madzi sasuntha kwambiri, amati maji mafu, kuyenda kwa patali kuja kumachepa.

Tsopano malo. Ogasiti ndi mwezi wodzaza, ku Ulaya amakhala pa holide, kunja kouma komanso kozizira bwino ndi mphepo ya kumwera imene amaitcha kusi, imafanana ndi mwera wathu. Mphepo yomweyo ndi imene imadzaza Paje ndi anthu oseweretsa makaiti akuluakulu owakoka pamadzi aja, kumwamba kumangoti mbuu makaiti okhaokha. N'zosangalatsa kuonera ola limodzi koma musagone pakati pa Paje ngati mukufuna tulo. Chimene ndingachite ine ndi kugona ku Bwejuu, mudzi wotsatira kumpoto kwa Paje. Ndi gombe limodzi lomwelo, mchenga womwewo, migwalangwa ya kokonati yomweyo, koma mukangochoka pomwe pathera mabala a ku Paje n'kuyenda mphindi 20 anthu amayamba kuchepa, mukafika ku Bwejuu mumatha kuyang'ana uku ndi uku osaona mzungu ngakhale mmodzi. Ndipo ubwino wake mukafuna ATM, famase kapena malo odyera osiyanasiyana Paje ili pompo, pa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, ndi mphindi zochepa. Anthu ambiri pa holide safuna kuyenda, amakhala pafupi ndi bedi la hotelo ndi bala, ndiye miyendo yanu ndi imene ikugulireni malo amene ena amalipira madola mazanamazana.

Jambiani nayo ndi yabwino koma ndi mudzi wautali makilomita angapo motsatira gombe, chakumpoto kwake kwayandikira khalidwe la Paje, chakumwera ndi kumene kuli zii. Mukamabuka muziyang'ana pa mapu kuti nyumbayo ili mbali iti, osangodalira dzina la mudzi. Pongwe ndi kagombe kakang'ono kokhota, kokongola zedi, kopanda zochitika zambiri, ngati nonse awiri mumakonda kungokhala n'kumacheza kapena kuwerenga ndiye ndi komweko, koma usiku kulibe kopita. Matemwe kumpoto chakum'mawa ndi gombe lalitali loyera kwambiri, kutsogolo kwake mukuona kachilumba ka Mnemba. Pa Mnemba ndikuchenjezeni, kachilumbako n'kololedwa alendo a hotelo yake yokha, simungatsikepo, ndipo ulendo wokaona nsomba m'madzi ozungulira amaugulitsa ngati wa bata koma m'mawa mabwato amakaunjikana malo amodzi ambirimbiri. Nsomba n'zokongola zoona, koma phee mulibe.

Chimodzimodzi Nakupenda, kamchenga kotumphuka pakati pa nyanja pafupi ndi Stone Town, ndi Prison Island kumene kuli akamba akuluakulu aja. Pa chithunzi mumaona ngati munthu ali yekha, koma kumbuyo kwa wojambulayo kuli matenti ndi mbaula zowotchera nsomba mzere. Pitani ngati mukufuna kuona, sindikukuletsani, koma musawerengere kuti ndi tsiku lanu lopuma.

Malo awiri amene ndikufuna musawaphonye. Oyamba ndi Michamvi, kansonga ka kumpoto kwa Bwejuu. Gombe lonse la kum'mawa limaona dzuwa likutuluka, kulowa kwake ayi, koma mbali ya Michamvi Kae yayang'ana kumadzulo ku Chwaka Bay ndiye dzuwa limalowera m'madzi. Madzulo anthu amabwera ndithu kudzaonera pamabala angapo ali pamenepo, ng'oma ndi moto, koma mukasendera chakumbali kulowera ku mitengo ya m'madzi ija phokoso limatsalira kumbuyo. Mbali ina ya nsonga yomweyo ku Pingwe ndi kumene kuli The Rock, lesitilanti yomangidwa pamwamba pa thanthwe m'nyanja, pamenepo ndiye magalimoto a alendo sakata, jambulani chithunzi muzipita. Achiwiri ndi Mtende, kumwera kupitirira Makunduchi. Ndi kagombe kolowa pakati pa matanthwe awiri aatali, mumatsika masitepe, pakhomo amalipiritsa kandalama kochepa. Masiku ano kadziwika ndithu chifukwa cha Instagram ndiye fikani m'mawa magalimoto asanayambe kubwera, komanso onani ndandanda ija chifukwa madzi akadzaza kwambiri mchenga umatsala pang'ono kapena kutheratu.

Pamenepa ndinenepo za ngozi chifukwa ndi nkhani ya moyo. Malo a matanthwe ngati amenewa madzi akamabwerera sachita phokoso, amangodzaza timaenje kumbuyo kwanu inu mukuyang'ana kutsogolo. Tsiku lina chakumwera komweko ndinazungulira thanthwe kukafika pa kamchenga kena kopanda munthu, ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, pobwerera njira ndinadzera ija madzi anali afika m'chiuno ndipo akukoka, pansi pali miyala yakuthwa. Anandithandiza ndi mnyamata wina amene ankachokera kokawedza, anandigwira dzanja n'kundionetsa popondapo. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi ili, ndimanyamuka madzi akuphwa, ndipo ikangokwana nthawi imene alemba kuti aphweratu ndimatembenuka, osadikira kuwaona akubwera. Gulaninso nsapato za m'madzi kapena valani masandasi omanga kumbuyo, chifukwa m'timadziwe muja muli tizilombo takuda tozungulira ta minga yaitali, mukaponda minga imathyokera m'phazi ndipo holide yonse mutha kuithera mukutsimphina. Ndipo malo opanda anthu ndi opandanso okuthandizani, pasipoti ndi ndalama zambiri siyani kuchipinda, usiku musamayende pagombe lamdima awiriwiri, zolandana mafoni zimachitika ngati kwina kulikonse.

Za ogulitsa zimene mwadandaula zija. Alipo, anyamata ogulitsa maulendo a pabwato, ena ovala zachimasai ogulitsa mikanda, amayi opaka hina ndi oluka tsitsi. Anyamata olondola alendowo eni dera amawatcha mapapasi, kutanthauza nkhupakupa, dzina loipa ndithu ndipo ine sindikonda kulitchula pamaso pawo chifukwa ambiri akungofuna chakudya cha ana awo ngati mavenda athu. Amakhala pomwe pali alendo ambiri, ndiye mukachoka pagulu mwachokanso pa iwo. Akakupezani ayankheni moni, kenako hapana asante, kutanthauza ayi zikomo, mukumwetulira koma osaima, osanena kuti mwina mawa chifukwa mawa adzabweradi ndipo adzakukumbutsani. Ife akuda nthawi zambiri amayamba atiyankhula Chiswahili poganiza kuti ndife a ku Dar es Salaam, mukanena kuti ndinu a ku Malawi nkhani imasanduka ya mpira kapena ya nyanja, zogulitsa zija n'kuiwalika.

Chinthu china chimene chimandikhudza mtima ndi ichi. Gombe limene ife tikulitcha lopanda anthu ndi munda wa wina, ndi njira ya ana opita ku madrasa, ndi pokokera bwato. Musadutse pakati pa zingwe za mwani, zungulirani, mukathyola kamtengo kamodzi mwawononga ntchito ya masabata. Musajambule amayi aja osapempha, ambiri safuna. Anthu a ku Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu, ndiye zovala zosambira zithere pamchenga, mukamalowa m'mudzi mangani chitenje muphimbenso mapewa, ndipo abambo avale shati. Kwa ife zimenezi si zachilendo, ndi mmene timachitira tikapita kumudzi kwa apongozi, nde tengani zitenje ziwiri zitatu, china chikhala choyala pansi. Kugwiranagwirana ndi kupsompsonana pagulu nakonso sungirani kuchipinda ngakhale muli a ukwati watsopano.

Mukakhala kuti thumba likulola ndipo mukufuna bata lotsimikizika, pali Chumbe, kachilumba kotetezedwa kumwera kwa Stone Town komwe amalola anthu owerengeka okha pa tsiku, kuli nyumba ya nyali yowongolera sitima ya mu 1904 ndi miyala ya m'madzi yosawonongeka, koma muyenera kubukiratu. Palinso Pemba, chilumba chachiwiri cha Zanzibar, pandege yaing'ono ndi pafupifupi theka la ola kukatera ku Chake Chake, kwa mapiri ndi minda ya kalafuu (ma clove onunkhiritsa zakudya aja), gombe la Vumawimbi kumpoto pafupi ndi nkhalango ya Ngezi limakhala lopanda alendo masiku ambiri. Koma pa masiku 6 ine sindingakulangizeni, mudzathera nthawi m'misewu ndi m'mabwalo a ndege, isungeni ya chaka china. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ufulu wosankha mwezi, nthawi ya mvula yaikulu imene iwo amaitcha masika, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi chilumba chimakhala chopanda alendo ndipo mitengo imatsika, kungoti walira mvula walira matope, mahotelo ena amatseka ndipo mvula yake imatha kugwa tsiku lonse. Kumayambiriro kwa Juni kapena Okutobala ndi pakatikati pabwino.

Masiku anu 6 aja ine ndikanawagawa chonchi. Usiku woyamba Stone Town, muyende m'tinjira tija, mudye madzulo ku Forodhani, paki ya m'mbali mwa nyanja kumene amagulitsa zakudya usiku, ndipo mukalowe mu tchalitchi cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Ena mwa anthu ogulitsidwa pamsika umenewo anachokera kwathu kuno, kudzera m'madoko ngati Nkhotakota nthawi ya Jumbe, ine ndinatulukamo ndili chete ndipo ndikuona kuti Mmalawi aliyense wofika kumeneko ayenera kupondapo. Kenako masiku otsalawo onse malo amodzi kum'mawa, Bwejuu kapena kumwera kwa Jambiani, osasamukasamuka. Kuchokera m'tauni ndi makilomita pafupifupi 50, pa takisi ola limodzi ndi pang'ono, pa daladala, maminibasi akumeneko, ndi zotchipa kwambiri koma ndi masutikesi a ukwati mudzavutika. Msewu wake umadutsa ku nkhalango ya Jozani kumene kuli anyani ofiira opezeka ku Zanzibar kokha, mutha kuima ola limodzi. Tsiku limodzi Mtende m'mawa, tsiku lina Michamvi madzulo, ena onsewo musakonze kalikonse, dzukani 6 koloko muone madzi ali pati.

Musanabuke funsani mafunso awiri pa WhatsApp, ngati pafupi pali bala yoimba nyimbo usiku, komanso ngati pali nyumba imene ikumangidwa moyandikana, chifukwa kumangidwa kwa mahotelo kuli paliponse ndipo chosokosa kwambiri masana chimakhala makina odulira matailosi osati anthu. Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 Okutobala 2024 mlendo aliyense wolowa ku Zanzibar amayenera kugula inshuwalansi ya boma lakumeneko, inayamba pa madola 44 munthu wamkulu, imagulidwa pa intaneti, chitani zimenezi muli ku Lilongwe konko musadzaime pamzere pa eyapoti.

Pomaliza nkhani ya wotchi, poti zonse ndanenazi zadalira nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, foni imasintha yokha koma wotchi ya pamkono musinthe. Komanso Chiswahili chimawerenga maola kuyambira m'mawa, 7 koloko ya m'mawa iwo amati saa moja, 12 koloko masana ndi saa sita. Ndiye mukagwirizana ndi mwini ngalawa kuti akutengeni kukafika ku mpanda wa miyala uja, kapena wa takisi wopita ku Mtende, akati saa mbili akutanthauza 8 koloko osati 2 koloko. Muonetseni pa foni nambala yeniyeniyo mugwirizane, ndipo mumufunsenso kuti madzi mawa adzaza nthawi yanji, iyeyo amadziwa osayang'ana pa intaneti.